Zaka zinayi ndikudikira Baldur's Gate 3, miyezi isanu ndikulephera kuisewera

Gemu ya Baldur's Gate 3 inatuluka pa kompyuta pa 3 Ogasiti 2023. Ine ndinayamba kuisewera bwinobwino mu Januwale 2024. M'miyezi isanu ya pakatiyo ndinaberedwa ndalama, ndinagula mabandulo ambiri amene sanandipindulire kanthu, ndinagulitsa laputopu yanga motchipa, ndipo gemuyo itayamba kuyenda ndinaliza mwana wa achemwali anga. Pa gulu lathu la WhatsApp la osewera magemu, mwezi sutha osabwera mnyamata wina wamtima dyokodyoko ngati mmene ndinalili ine, akufunsa kumene angaipeze motchipa. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, choncho ndilembe zonse pamodzi.

Ndinakulira pa magemu a mpira ndi a nkhonya, aja tinkalipira kandalama pa malo oonetsera mavidiyo ku Kawale. Gemu yoti munthu umasankha zoyankhula, n'kuona nkhani ikusintha chifukwa cha yankho lako, ndinaiona koyamba ndili ku koleji, pa laputopu ya mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Inali Dragon Age: Origins ya mu 2009. Kuchokera pamenepo mpira unandisukulukira. Ndiye mu Juni 2019, kampani ya Larian Studios ya mumzinda wa Ghent ku Belgium italengeza kuti ikupanga Baldur's Gate yachitatu, ndinaona ngati akupangira ine ndemwe. Ziwiri zoyambazo, zomwe inapanga BioWare mu 1998 ndi 2000, ndinali ndisanazisewere, koma mbiri yake ndinali nditaimva.

Mu Okutobala 2020 anatulutsa gawo loyamba lokha, kuti ofuna alipire mtengo wonse n'kumasewera gemuyo ikupangidwabe. Ndalama ndinalibe. Chimene ndinkachita n'kugula kabandulo ka usiku n'kumaonera anthu ena akusewera pa YouTube, foni ili pafupi ndi nkhope, chithunzi nditachitsitsa kuti bandulo isathe msanga. Zaka pafupifupi zitatu ndinakhala choncho. Mayina a anthu a m'gemumo, Shadowheart, Astarion, Lae'zel, Gale ndi Wyll, ndinkawatchula ngati a anzanga a kusukulu ndisanagwirepo gemuyo ngakhale kamodzi. Chimene sindinaganizepo n'chakuti anthu aja ndinkawaonerawo ankasewera pa makompyuta odula kuposa malipiro anga a chaka chonse. Pa kasikirini ka foni zonse zimaoneka zopepuka.

Tsiku lotulutsa gemu yonse linali 31 Ogasiti 2023, koma kenako analibweza kufika pa 3 Ogasiti kwa osewera pa kompyuta. Gulu lathu linawira. Mtengo pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, unali madola 59.99. Ndalama za kwacha ndinali nditasunga, koma imeneyo inali nthawi yomwe ndalama zakunja zinkasowa kwambiri m'dziko muno, ndipo khadi langa la ku banki linakana kulipira katatu konse. Usiku umenewo sindinagone. Ndinkangoona anzathu a ku Johannesburg ndi ku Britain akutumiza zithunzi zoti agula kale.

Mawa lake munthu wina amene anali atangolowetsedwa kumene pa gulu anandilembera kumbali. Anati amagulitsa akaunti ya Steam yokhala ndi gemuyo kale, pa K25,000 yokha. Ananditumizira zithunzi za mauthenga a anthu omuthokoza. Sindinafunse aliyense pa gulu ngati akumudziwa, chifukwa ndinkaopa kuti wina andipitirira n'kugula akauntiyo. Ndinatumiza ndalamazo pa foni, iye n'kundipatsa dzina ndi pasiwedi, komanso kapulogalamu kena koti ndiike mu laputopu, akuti kothandiza kuti akauntiyo isatsekedwe. Ndinalowa, gemuyo inalimodi, ndinayamba kudawuniloda. Usiku wachitatu, nditafika pa 40 GB, Steam inanditulutsa. Pasiwedi inali itasinthidwa. Nambala ya munthu uja sinkapezekanso, ndipo pa gulu anali atachoka kale.

Kugula ndi kugulitsa akaunti n'koletsedwa m'malamulo a Steam, ndiye kunalibe kumene ndikanakadandaula. Mwini wake weniweni wa akaunti amatha kuibweza nthawi iliyonse chifukwa imelo yoyamba imakhala ili m'manja mwake, ndipo akaunti imodzi yomweyo amaigulitsa kwa anthu angapo. Chinandiopsa kwambiri chinali kapulogalamu kaja. Mu laputopu yomweyo ndinkalowera mu imelo yanga ndi mu akaunti ya ku banki. Ndinafufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, ndinasintha mapasiwedi onse, ndipo 40 GB ija inapita nawo limodzi.

Anandipulumutsa ndi msuweni wanga wa ku Leeds. Nditamufotokozera pa foni anakhala chete kaye, kenako anati, "Msuweni, iwe bwanji sunandiuze poyamba? Tsegula akaunti yakoyako, undiike pa anzako, ndikugulira ngati mphatso." Tinagwirizana kuti ine ndikapereke kwacha zake kwa azakhali, amayi ake, ku Dedza. Mmene ndimachokera ku ntchito tsiku limenelo n'kuti gemuyo ili mu akaunti yanga, m'dzina langa, yosalandidwa ndi aliyense. Njira imeneyi inalipo kuyambira pachiyambi. Ndinangochita manyazi kupempha.

Kenako kunabwera nkhani yodawuniloda. Gemuyi itangotuluka inali pafupifupi 122 GB, ndipo inkafuna malo okwana 150 GB mu kompyuta. Ndinali ndisanadawunilodepo chinthu chachikulu choncho. Kwathu ku Area 25 netiweki imathamanga anthu akagona, ndiye ndinkayamba cha m'ma 11 usiku, kachipangizo ka intaneti ndikuika pa windo, n'kumadzuka kawirikawiri kukaona ngati kamzere kakusuntha. Mausiku awiri magetsi anathima, batire ya laputopu n'kutha ndili mtulo. Bandulo ina inatha nthawi yake isanathe ntchito. Zonse zinatenga mausiku 9, ndipo nditaphatikiza ndalama za mabandulo, kuwerengera ndi aja anathera pa akaunti yakuba, zinayandikira mtengo wa gemu yeniyeniyo.

Chimene ndinadzadziwa mochedwa n'chakuti zonsezi zinali zosafunika. Ngati mnzako ali nayo kale gemuyo, ungathe kukopera mafayilo ake pa hard drive yonyamula m'manja n'kuwaika m'foda ya Steam mu kompyuta yako. Ukauza Steam kuti iike gemuyo, imayamba yaona zimene zilipo kale n'kungodawuniloda zochepa zosowazo. Kumeneku si kuba ayi, chifukwa gemuyo uyenera kukhala utaigula ndithu pa akaunti yako kuti itseguke. Ndikanafunsa pa gulu, alipo awiri mu Lilongwe momwemuno amene akanandipatsa.

Usiku umene kamzere kanafika kumapeto ndinasamba, ndinaphika tiyi, ndinatseka chitseko. Ndinadina. Laputopu inayamba kulira ngati chigayo. Patadutsa mphindi zingapo panatuluka malo opangira munthu wosewera naye, koma nkhope yake inali yosalala ngati ya chidole chadothi, tsitsi likubwera mochedwa, ndipo ndikasuntha mawusi chithunzi chinkatsatira patapita kanthawi. Ndinalimbikira mpaka kulowa m'gemu. Munthu wanga ankayenda modumphadumpha, mawu akutsogola, zithunzi zikutsalira. Pansi pa laputopu panatentha mosagwirika, ndipo pasanathe theka la ola inazima yokha. Ndinakhala mumdima, manja ali pa mawondo, tiyi atazizira. Sindinalire koma pakhosi panali potsekeka.

Laputopu imeneyi ndinaigula mu 2021 m'tawuni, yogwiritsidwa kale ntchito. Wogulitsayo anandiuza kuti, "Iyi ndi Core i7 bwana, palibe gemu ingaikanike." Ndinamukhulupirira kwa zaka ziwiri chifukwa magemu akale ankayendadi. Koma dzina loti i7 palokha silinena zambiri. Yanga inali ya kalekale, inalibe graphics card yapadera, kachipangizo koyendetsa zithunzi za gemu, ndipo inali ndi hard drive ya mtundu wakale ija yozungulira. Pa tsamba lomwe la gemuyo pa Steam, m'munsi mwake, analemba zonse momveka: RAM (memore yogwirira ntchito ya kompyuta) yosachepera 8 GB, graphics card yofanana ndi GTX 970 kapena RX 480 yokhala ndi 4 GB yakeyake, ndiponso SSD, chosungira mafayilo chamakono chothamanga kuposa hard drive yozungulira. Kuti iyende mosavuta analangiza RAM ya 16 GB ndi khadi ngati RTX 2060 Super. Tsamba limenelo ndinalitsegula mwina kambirimbiri m'zaka zinayi, koma ndinkathera pa mavidiyo a pamwamba.

Kuona zimene zili mu kompyuta yako sikutenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, ndipo pa tsamba lotulukalo muona RAM, ndipo pa gawo la Display, komanso la Render ngati lilipo, muona dzina la graphics card. Mukaona pakungotchulidwa Intel HD kapena Intel UHD basi, musagule gemuyi kaye. Dziwaninso kuti Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 chigulireni ndipo mwasewera nthawi yosakwana maola awiri. Ine masiku 9 anathera pa kudawuniloda, ndipo maola awiriwo ndinawadutsa ndikusinthasintha zoikamo poganiza kuti mwina iyenda. Nthawi yonse imene gemu ili yotsegula imawerengedwa, ngakhale usakusewera.

Kuyambira Seputembala mpaka Disembala inali nthawi yowawa mwa mtundu wina. Gemu ndinali nayo, yolipiridwa, koma ndinkangoyang'ana chithunzi chake. Anzanga pa gulu ankakambirana zimene akumana nazo, wina akudandaula kuti wapha mnzake mwangozi, wina akufunsa njira ya m'mapanga a pansi pa nthaka. Ndinatseka mauthenga a gululo kuti asandiululire nkhani. Ndinayamba kusunga ndalama za kompyuta ya pa tebulo, ndipo ndinapeza ina yakale kwa mnyamata wokonza makompyuta. Tinagwirizana mtengo mu Okutobala koma sindinapereke chikole. Mu Novembala kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nditabwerera mtengo unali wina. Sindimuimba mlandu, chifukwa zida zake zonse amaitanitsa kunja. Mu Disembala gemuyo inapambana mphotho ya gemu yabwino koposa ya chaka pa The Game Awards, ndipo ndinamva chisangalalo ndi nsanje nthawi imodzi.

Ndinagulitsa laputopu ija, ndinawonjezera ndalama za chiperegani cha ku ntchito pamene inafika nthawi yanga, ndipo kumayambiriro kwa Januwale ndinalipira K650,000. Inali ndi Core i5, RAM ya 16 GB, GTX 1060 ya 6 GB ndi SSD ya 500 GB. Ulendo uno ndinapita ndi mnzanga wa pa gulu atanyamula hard drive yake. Tinaikamo gemuyo m'shopu momwemo, tinasewera ola lathunthu tikumvetsera kulira kwa mafani ndi kugwira bokosilo ngati likutentha, kenako ndi pamene ndinatulutsa ndalama. Zimene zinanditengera mausiku 9 zinakopedwa pasanathe ola limodzi.

Panali chinthu chimodzi chimene mnzangayo anandichenjeza, ndipo chinandithandiza. Larian inkatulutsa zokonza pafupipafupi, zina zazikulu kwambiri. Ija yachisanu, ya kumapeto kwa Novembala 2023, inali pafupifupi 30 GB ndipo inkafuna malo opanda kanthu okwana 130 GB kuti ilowe. Steam ukaisiya yokha imayamba kudawuniloda ikangoona intaneti, bandulo yako ya sabata n'kutha usanazindikire. Anandisinthira kuti izidikira mpaka nditatsegula gemu, ndiponso anandionetsa mmene ungaikire Steam kuti igwire ntchito popanda intaneti. Gemuyi ukamasewera wekha sifuna netiweki konse.

Ndalama za sikirini zinali zitatha, ndiye kompyutayo ndinailumikiza ku TV ya pabalaza.

Za gemu yeniyeniyo ndinene mosabisa kuti inaposa zimene ndinkayembekezera, ngakhale poyambira pake ndinali nditapaonera kambiri. Kuonera ndi kugwira wekha n'zosiyana. Imayamba uli mkaidi m'chombo chouluka cha zilombo zotchedwa mind flayer, ndipo chimodzi chikukulowetsa m'diso kachilombo kooneka ngati mbululu, koti pakapita masiku kakusandutse chilombo ngati icho. Chombo chikagwa, umayamba kufunafuna wokuchotsa kachilomboko, ndipo m'njira umakumana ndi ena amene ali ndi vuto lomwelo. Ine ndinapanga mlenje wa uta. Malamulo ake ndi a masewero a pa tebulo otchedwa Dungeons & Dragons, ndiye pafupifupi chilichonse chokayikitsa chimagamulidwa ndi dayisi ya mbali 20 imene imagubuduzika pa sikirini iwe ukuona. Ukafuna kunamiza mlonda, kutsegula loko, kapena kunyengerera mdani kuti asamenyane nawe, dayisi imagwa, ndipo mtima umaima kaye. Kumenyana kwake n'kopatsana mpata ngati bawo, aliyense amasuntha ikafika nthawi yake. Masiku oyamba zinkanditopetsa, ndipo gulu langa linkaphedwa kawirikawiri, mpaka nditazindikira kuti kukwera pamalo okwera, kukankhira mdani kuphompho, kapena kuponya botolo la mafuta n'kuyatsa moto kumaposa kungothamangira ndi lupanga. Amene simunazolowere magemu otere musachite manyazi kuyamba ndi mlingo wofewa wotchedwa Explorer. Mutha kusintha nthawi iliyonse.

Chingerezi chake n'cholemera, china chachikale, ndipo anthu amayankhula kwambiri. Ndinkasewera mawu olembedwa ali oyatsa, foni ili pambali yoonera matanthauzo. Amene amadumpha zoyankhulana kuti afike pa ndewu angataye ndalama zake, chifukwa mtima wa gemuyi uli m'zoyankhulazo.

Pamene inandigwira mtima penipeni ndi pa nkhalango ina yopatulika m'gawo loyamba. Kumeneko kuli anthu othawa kwawo, a mtundu wa tiefling, okhala ndi nyanga ndi michira, amene abisala pa malo a ansembe a zachilengedwe. Eni malowo atopa nawo ndipo akufuna kuwathamangitsa, chonsecho kunja kwa mpanda kuli tizilombo tankhanza totchedwa magoblin tikuwadikira. Mtsogoleri wa ansembewo, Kagha, wagwira kamtsikana kakang'ono kamene kanaba fano lawo, ndipo wakaikira njoka pafupi. Ndinaika manja pansi n'kungoyang'ana. Mu Meyi 2023, anthu othawa kwawo amene ankakhala m'matawuni muno anatengedwa kubwerera ku Dzaleka, ndipo shopu ya bambo wina wa ku Burundi, kumene ndinkagula shuga ndi sopo, nthawi zina pa ngongole, inatsekedwa. Zifukwa zimene ansembe aja ankapereka ndinali nditazimvapo m'minibasi, zina nditavomereza nawo ndi mutu. Sindinayembekezere kuti gemu ingandibwezere zimenezo. Ndinagubuduza dayisi kuti ndimunyengerere Kagha, manja ali thukuta, ndipo mwanayo anapulumuka. Kuyambira pamenepo anthu anyanga aja ndinawatenga ngati anga.

Anzako oyenda nawonso si zidole. Astarion, amene Neil Newbon anapatsidwa mphotho chifukwa chomuyankhulira, ndinamupeza usiku wina akufuna kundiyamwa magazi ndili mtulo. Munthu wokulira kuno, amene anamvapo za anamapopa, sachedwa kugamula mlandu wotero, ndipo ndinatsala pang'ono kumupha. Ndinamusiya, ndipo patapita maola ambiri ndi pamene ndinamva za zaka 200 zimene anakhala kapolo wa mbuye wake wankhanza. Karlach, mkazi wamphamvu wosekaseka amene ali ndi injini yamoto m'malo mwa mtima, moti sangakhudze munthu osamuwotcha, ndiye ndinamukonda kuposa onse.

Tsopano za mwana. Ndimakhala ndi achemwali anga ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 9. Gemuyi inalembedwa kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo ku Ulaya, ndipo si zongolemba. Muli magazi, kuzunza akaidi, mitembo yong'ambidwa, kutukwana, umaliseche ndi zogonana. Poyamba penipeni imakufunsa ngati ukufuna kubisa umaliseche. Ndinavomera, n'kuganiza kuti ndathana nazo. Koma batani limenelo limangoveka anthu zovala zamkati, silichotsa magazi kapena nkhanza. Loweruka lina masana ndinkasewera pabalaza, mphwanga ali pa mkeka kumbuyo kwanga, ine ndikuganiza kuti akujambula. M'gemumo muli munthu wina wolongolola dzina lake Volo, amene amati angathe kukuchotsa kachilombo kaja. Ndinamulola kuti ndione chimene chichitike. Anayamba kulowetsa singano m'diso la munthu wanga, kenako anatenga chitsulo chosongoka. Ndinamva kakulira kumbuyo. Mwana anali ataimirira, zikhatho ali nazo m'maso, akunjenjemera.

Usiku umenewo anabwebweta mpaka kucha, ndipo kwa sabata yathunthu ankakana kugona yekha. Achemwali sanakuwe. Anandipeza m'mawa ndikutsuka mano panja n'kunena motsitsa kuti, "Achimwene, mwanayu amakuonani ngati bambo ake. Chimene inu mukuonera, iye amati n'chabwino kuonera. Zinthu zanuzo zichoke pabalaza." Ndinapepesa kwa iwo, ndinapepesanso kwa mwanayo. Anandifunsa kuti, "Amalume, munthu uja anachira?" Ndinamuuza kuti anachira, anamuika diso lina, zomwe zinali zoona m'gemumo, koma nkhope yake sinamasuke. Mwezi umenewo ndinagula kasikirini kakale ndi mahedifoni, kompyuta n'kulowa ku chipinda changa. Makolo ndi amalume anzanga, tikamva mawu oti gemu timaganiza za ana. Iyi si ya ana, ngakhale kungoonerera.

Kusamukira ku chipinda kunabweretsa vuto lina. Pabalaza anthu akafuna kugona ndinkazimitsa, koma kuchipinda kunalibe wondiletsa. Gemuyi ilibe pothera poonekera ngati mpira wa mphindi 90. Umati ndingotsegula chitseko ichi, kuseri kwake n'kupeza nkhani ya maola awiri. Kangapo ndinamva atambala akulira ndidakali pa mpando. Mu Febuluwale ndinachedwa ku ntchito katatu, ndipo tsiku lina ndinalakwitsa mawerengero a katundu moti anzanga awiri anatsala nane mpaka usiku kukonza. Abwana anandiitana n'kundifunsa ngati kunyumba kuli matenda. Ndinachita manyazi kwambiri chifukwa anafunsa mwachifundo. Kuyambira pamenepo ndinadziikira kuti pakati pa sabata ndizizimitsa 10 koloko, alamu ili pa foni kutali ndi mpando kuti ndidzuke kukaizimitsa.

Ndimezi zikubwerazi zikuulula nkhani ya gawo lachiwiri, ndiye amene simunafikeko mutha kudumpha ndime zitatu.

Gawo lachiwiri limachitikira m'dziko lophimbidwa ndi mdima wa temberero, momwe munthu akayenda wopanda kuwala amasanduka chilombo. Pakati pake pali nyumba ya alendo yotchedwa Last Light Inn, yotetezedwa ndi kuwala kwa wansembe wamkazi dzina lake Isobel. Nditalowa ndinapeza anthu anga anyanga aja, amene anapulumuka pa ulendo, ali momwemo. Woyimba zeze Alfira analipo, ndi Dammon wosula zitsulo, yekhayo amene ankadziwa kukonza injini ya Karlach. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi abale pa depoti. Sindinapite kwa Dammon nthawi yomweyo. Ndinati ndiyambe ndakwera pamwamba kukalonjera Isobel. Tili mkati moyankhula, adani amapiko anatulukira kudzamuba. Gulu langa linali lotopa, matsenga atatha, chifukwa sindinaligoneke tisanalowe. Isobel anagwa, anamunyamula n'kuuluka naye, ndipo kuwala kuja kunazima. Anthu onse a m'nyumbamo anasanduka, n'kutembenukira ine.

Ndinathamangira kukabweza gemu m'mbuyo. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti tsiku limenelo ndinali nditasewera nthawi yaitali osasunga ndekha, ndipo malo abwino obwererako anali kutali kwambiri m'mbuyo. Batani la F5 limasunga pomwepo, F8 limabweza. Muzilidina musanayankhule ndi munthu aliyense wooneka wofunika, muzisunganso padera ndi dzina lake musanalowe dera latsopano. Kuno kumene magetsi amathima osatsanzika, chizolowezi chimenechi n'chofunika kawiri. Muzigonekanso gulu lanu kawirikawiri, chifukwa nkhani zambiri za anzanu zimachitikira pa msasa usiku.

Ndinazimitsa kompyuta ndipo masiku atatu sindinaiyandikire. Ndinkaganiza zobwerera m'mbuyo n'kubwereza zonse. Pamapeto pake ndinasankha kupitiriza mmene zinalili. Ndinamenyana ndi anthu amene ndinawapulumutsa ndekha ku nkhalango ija, ndipo Dammon anagwa ndi muvi wanga. Karlach anayenda nane mpaka kumapeto osakhudzapo dzanja la munthu. Gemuyo sinandiuze kuti ndaluza, sinandibwezere kanthu, inangopitirira ndi malo opanda anthu pamene pakanakhala anthu. Anzanga pa gulu amene anamuteteza Isobel anaona nkhani ina yosiyana ndi yanga, ndipo tikamakambirana zimakhala ngati tinayenda maulendo awiri. Sindinaonepo gemu ina imene imalemekeza cholakwa cha wosewera mpaka pamenepo.

Gawo lachitatu, mumzinda wa Baldur's Gate weniweniwo, ndi limene linayesa kompyuta yanga. M'misewu muli chinamtindi cha anthu, ndipo zithunzi zinayamba kugwiragwira, makamaka pa misika. Ndinatsitsa mithunzi ndi zina mpaka inayenda mopiririka. Amene kompyuta yake ikuvutika kale m'gawo loyamba adziwe kuti kutsogolo n'kolemera koposa. Kumeneko nkhani zimachulukanso mpaka kusokoneza, aliyense akukupempha thandizo nthawi imodzi, ndipo kwa ine ndi gawo limene linandikoka mtima pang'ono poyerekeza ndi awiri oyambawo. Ndinamaliza mu Juni 2024, Steam ikuonetsa maola 140.

Sabata yathayi mnyamata wina wa ku Area 49 analemba pa gulu kuti wapeza munthu wogulitsa akaunti motchipa. Ndinamuimbira foni nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti asatumize kanthu, ayambe wanditumizira chithunzi cha dxdiag. Chinabwera, ndipo pa Display panalembedwa Intel UHD basi. Anakhumudwa, mawu ake anachita kumveka, ndipo anandifunsa ngati palibiretu njira ina. Ndinamuuza kuti abwere kwathu Loweruka madzulo, mphwanga akapita ndi amayi ake ku kwaya, adzapange munthu wake pa kompyuta yanga, ndipo hard drive ndimusungira mpaka atapeza makina oyenera.